Woitana ndi Wobvomera: Maina a Anthu m'Nthano za Achebe, Dangarembga ndi Bulawayo

1. Mau Oyamba

Pakati pa osanthula zolembedwa za mu Africa pali ganizo limene lakhazikika kwambiri, kotero kuti ambiri a ife timalipereka kwa ophunzira monga coonadi cosafunika kuyesedwa. Ganizoli ndi lakuti munthu wa m'nthano akasiya dzina la makolo ndi kutenga la Cizungu ndiye kuti wadzikana, ndipo akasunga dzina la makolo, kapena akabwerera kwa ilo, ndiye kuti wadzipeza. Magwero a ganizoli ndi olemekezeka. Linakula pamodzi ndi nchito yomenyera ufulu, pamene maiko ndi mizinda inali kubvula maina a atsamunda. M'dziko lino Northern Rhodesia inasanduka Zambia m'caka ca 1964, ndipo m'zaka zotsatira Fort Jameson inakhala Chipata, Broken Hill inakhala Kabwe, Abercorn inakhala Mbala. Alembi naonso anacita cimodzi-modzi. Chinua Achebe, amene anabatizidwa dzina lakuti Albert Chinualumogu, anasiya Albert ali pa koleji ku Ibadan. Mlembi wa ku Kenya amene anasindikiza Weep Not, Child m'caka ca 1964 monga James Ngugi ndiye amene dziko lonse linadzamdziwa monga Ngugi wa Thiong'o.

Komabe cimene mlembi wacita ndi dzina lake m'moyo, ndi cimene wacita ndi maina a anthu a m'nthano zake, ndi zinthu ziwiri zimene wosanthula ayenera kuzilekanitsa. Colinga ca pepala lino ndi kuyesa ganizo lija pa mabuku a alembi atatu: Things Fall Apart wa 1958 ndi No Longer at Ease wa 1960 a Chinua Achebe wa ku Nigeria, mabuku atatu onena za Tambudzai a Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, amene anatuluka m'zaka za 1988, 2006 ndi 2018, ndi We Need New Names wa 2013 wa NoViolet Bulawayo, nayenso wa ku Zimbabwe. Tidzaonetsa kuti m'mabuku amenewa cinenero cimene dzina lacokera ciri ndi mphamvu yocepa kuposa imene timaipatsa. Cimene cimaumba munthu ndi ubale wa anthu atatu: wopereka dzina, woitana dzinalo, ndi mwini wake amene amabvomera kapena kukana kubvomera.

2. Muyeso wa kwathu

Tisanalowe m'mabuku, nkwabwino kuti titenge muyeso umene owerenga a Cinyanja ali nao kale m'manja. Pa mwambo wa Acewa mwana akabadwa amakhala m'cikuta ndi amake kufikira mcombo utagwa, ndipo pambuyo pake agogo, atsibweni kapena wacibale wina amamucha dzina. Maina ambiri otere ndi mau athunthu. Mabvuto, Masautso, Misozi, Masiye ndi Maliro amasimba zimene banja linali kupitamo. Dalitso, Mphatso ndi Thokozani amasimba cimwemwe. Koma tiyeni tione bwino maina monga Sekani, Lekani, Nenani ndi Malizani. Onsewa ndi aneni olamula anthu ambiri, ndipo olamulidwawo ndi anansi, apongozi kapena afiti amene akuganiziridwa kuti akutha ana m'banjamo. Mwana ndi kalata cabe. Wolemba ndi wina, wolandira ndi winanso. Ici ndi cifukwa cake munthu wochedwa Malizani amanyamula mkangano umene unayamba iye asanadziwe kulankhula.

Cinthu caciwiri ndi cakuti dzina la m'cikuta siliyenda lokha moyo wonse. Ku cinamwali mnyamata kapena mtsikana amalandira dzina latsopano, ndipo kumuitana ndi dzina la paubwana pambuyo pake ndi cipongwe. Munthu akakula amalemekezedwa ndi mfunda wake, a Phiri kapena Naphiri, a Banda kapena Nabanda. Akabereka amaitanidwa ndi dzina la mwana, amake a uje kapena atate ake a uje. Akasankhidwa kukhala mfumu amalowa dzina, monga momwe dzina la Kalonga Gawa Undi ku Katete lapitira kwa anthu osiyana-siyana m'mibadwo yambiri. Conco kwathu kusintha dzina si cizindikiro ca kutayika. Ndi njira yomwe munthu amakulira, malinga ngati anthu oyenera ndiwo apereka dzinalo ndipo mudzi walilandira.

Cacitatu ndi mneni wakuti kubvomera. M'Cinyanja munthu akaitanidwa amabvomera, ndipo akalola cinthu amabvomeranso. Pa tsinde lomweli mpamene pacokera kudzibvomereza. Cinenero cathu cimalumikiza kuyankha woitana ndi kudzilandira wekha. Mafunso atatu acokera apa, ndipo ndi amene tidzafunsa buku lililonse: ndani anapereka dzina, ndani amaliitana ndi mtima wotani, ndipo mwini wake amabvomera bwanji?

3. Achebe: mwana wa agbala ndi mwana wa Abrahamu

Pa Ci-Igbo dzina lakuti Okonkwo limaperekedwa kwa mwamuna wobadwa pa Nkwo, limodzi la masiku anai a msika, ndipo Nwoye ndi mwana wobadwa pa Oye. Maina awiriwa alibe uthenga wolemera, amangochula tsiku. Liu limene linaumba Okonkwo linachulidwa ndi mnzake wosewera naye ali mwana, ndipo linali lonena za atate ake a Unoka, munthu waulesi ndi wangongole: mnzakeyo anati Unoka ndi agbala, ndiko kuti mkazi, kapena mwamuna amene sanatengeko udindo uliwonse wa ulemu m'mudzi. Moyo wonse wa Okonkwo ndi kuthawa liu limenelo. Kulimbana kwake ndi Amalinze, nkhokwe zake za zilazi, akazi ake atatu, maudindo awiri amene anatenga, ndi nkhanza zake pa ana, zonse ndi kuyankha mwana amene anamuseka pabwalo. Apa Achebe akutionetsa kuti dzina lacipongwe limene munthu sanalibvomerepo ndi pakamwa lingathe kumulamulira kuposa dzina lake lenileni.

Maina olemera m'bukuli ali m'nyumba ya Ekwefi, mkazi waciwiri wa Okonkwo, amene anabereka ana 10 ndipo 9 mwa iwo anamwalira ali aang'ono. Mmodzi anamucha Onwumbiko, kucondelera imfa. Wina Ozoemena, kupempha kuti zisacitikenso. Wina Onwuma, kuiuza imfa kuti icite kufuna kwake. Wowerenga wa ku Chipata kapena ku Katete safunika kumasuliridwa mwambo umenewu, pakuti ndi womwe uja wa Maliro ndi Malizani. Koma Achebe akuonjezera cinthu cina. Ezinma, mwana yekhayo amene anatsala, amaitana amake ndi dzina lao, Ekwefi, monga mnzake, ndipo cikondi cao ndi cozama kuposa ca wina aliyense m'mudzi wa Okonkwo. Ndiponso Ekwefi akaitanidwa ndi munthu amene ali panja sabvomera mwacindunji, koma amayamba wafunsa ngati ndi iye akuitanidwa, kuopa kuti mwina woitanayo ndi mzimu woipa. Akulu a kwathu naonso amaletsa kubvomera mau osadziwika usiku. Anthu a ku Umuofia amadziwa kuti kubvomera ndi kudzipereka m'manja mwa woitana, ndipo kuti nkofunika kudziwa woitanayo.

Ndi maso amenewa tiyenera kuwerenga kusandulika kwa Nwoye kukhala Isaac, kumene kumachulidwa kawiri-kawiri monga citsanzo ca mwana wa mu Africa amene wabedwa ndi amishoni. Ikemefuna, mnyamata wa ku Mbaino amene anaperekedwa ku Umuofia monga dipo, anakhala zaka zitatu m'mudzi wa Okonkwo ndipo anali kumuitana Okonkwo kuti atate. Mkulu wina, Ezeudu, anacenjeza Okonkwo kuti asakhudze imfa ya mnyamatayo pa cifukwa comweco, kuti amamuitana atate. Pa tsiku la imfa Ikemefuna anathawira kwa Okonkwo akuitana dzina lomwelo, ndipo Okonkwo anayankha ndi cikwanje, kuopa kuoneka wofooka. Nwoye anaphunzira pa tsikulo kuti m'mudzi wa atate ake kuitana kuti atate sikupulumutsa mwana. Pamene Obierika anadzamupeza pakati pa Akristu ndi kumufunsa za Okonkwo, Nwoye anakana kuti si atate ake. Kukana kumeneku kunayamba dzina la Isaac lisanabwere.

Monga osanthula ena anaona kale, dzina latsopanoli silinasankhidwe mwangozi. Pa Genesis 22 Isake ndi mwana amene atate ake anamunyamulira mpeni, koma mngelo anaitana Abrahamu ndi dzina, Abrahamu anabvomera, ndipo mwana anapulumuka. Ku Umuofia Okonkwo anaitanidwa ndi Ezeudu, anaitanidwanso ndi mwanayo, koma sanamvere. Nwoye potenga dzina la Isaac akulowa m'nthano imene mwana safa. Dzina lacilendoli likusunga cikumbutso ca Ikemefuna mwamphamvu kuposa momwe dzina la tsiku la msika likanacitira. Sitingathe kunena mosabvuta kuti mnyamatayu wadzikana. Pa nthawi yoyamba m'moyo wake wapeza dzina limene angalibvomere popanda mantha.

Koma Achebe sanalekere pamenepo. Mu No Longer at Ease tikumana naye ali nkhalamba, katekisti wopuma pa nchito, ndipo dzina lake lonse ndi Isaac Okonkwo. Mcitidwe wa amishoni ndi boma wolemba dzina la atate monga dzina la banja wamumangirira kwa munthu yemwe anamukana. Ana ake aakazi oyamba ndi Esther, Janet, Agnes ndi Charity, koma mwana wamwamuna atabadwa anamucha Obiajulu, kunena kuti mtima tsopano wakhala pansi, ndipo mtima wochulidwawo ndi wa Isaac mwini. Cimwemwe cake ceni-ceni anacinena m'Ci-Igbo, ndiponso monga makolo ake, anagwiritsa nchito mwana kusimba za iye mwini. Pamene Obi afuna kukwatira Clara, Isaac akukana cifukwa mtsikanayo ndi osu, wa mbumba ya anthu operekedwa kwa milungu amene mfulu sizikwatirana nao. Mpingo womwe unalandira Nwoye ku Mbanta unalandiranso osu, a Kiaga ali mtsogoleri. Komabe patapita zaka zambiri liu limodzi limeneli likulemera kuposa ubatizo wa Clara ndi maphunziro ake a unamwino. Ubatizo unasintha dzina limene Isaac amabvomera, koma sunasinthe maina amene iye amaitanira anzake.

Mapeto a Things Fall Apart akutsimikiza mfundo yathu kucokera ku mbali ina. Bwana Disi, poona mtembo wa Okonkwo uli lende pamtengo, akuganiza za buku limene akulemba, ndipo m'maganizo mwake wakufayo ndi munthu wina amene anapha mesenjala ndi kudzimangirira, woyenera mwina ndime imodzi. Munthu amene anataya moyo wake wonse kumanga dzina akutha wopanda dzina. Achebe akubwezera mwakacetecete: Bwana Disi nayenso sachulidwa dzina m'buku lonse.

4. Dangarembga: dzina losungidwa, mwini wotayika

Ngati ganizo lija liri loona, ndiye kuti Tambudzai Sigauke ayenera kukhala munthu wokhazikika, pakuti m'mabuku onse atatu sasintha dzina lake la Cishona. Koma ndiye munthu wosweka mtima kuposa onse amene tikuwaunika.

Mu Nervous Conditions maina agawidwa mocenjera pakati pa mabanja awiri. M'banja losauka la Jeremiah, kumudzi kufupi ndi Umtali, kumene lero ndi Mutare, muli Nhamo, Tambudzai, Netsai ndi Rambanai. Pa Cinyanja tinganene kuti Mabvuto, Zunzani, Bvutitsani ndi Lekanani. Atatu omalizirawa ndi aneni olamula anthu ambiri, monga Sekani ndi Lekani wathu, ndipo tikumva m'menemo madandaulo a mayi wolemedwa ndi umphawi ndi ukwati. M'banja la Babamukuru, mkulu wa sukulu ya mishoni amene anakhala zaka zisanu ku England ndi banja lake, muli Chido ndi Nyasha, ndiko kuti Cikhumbo ndi Cisomo. Wowerenga amene sadziwa Cishona samva cilichonse apa, pakuti mlembi samasulira mainawa monga Achebe acitira. Koma wowerenga wa zinenero za Cibantu amaona umphawi ndi cuma zitalembedwa pa mphumi za ana.

Cocititsa cidwi ndi cakuti maina amenewa salosera mapeto a eni ake. Nyasha, mwana wa dzina lokoma, ndiye amene akudwala matenda okana cakudya ndi kusokonezeka maganizo. Iye ndi Chido anabwera kucokera ku England ali ndi maina a Cishona koma Cishona ceni-ceni ataciiwala. Nhamo, atakhala ku mishoni kanthawi, anabwera kumudzi akunamizira kuti sathanso kulankhula ndi amake. Dzina la makolo silinateteze aliyense wa iwo. Ndipo Tambudzai, amene dzina lake ndi dandaulo, ndiye mtsikana wolimba mtima amene analima munda wake wa cimanga ndi kukagulitsa m'tauni kuti apeze ndalama za sukulu.

Cimene cikufooketsa Tambudzai ndi oitana. Amalume ake aakulu a kucimuna sachulidwa konse ndi dzina lao la kubadwa. Kwa onse ndi Babamukuru, atate aakulu, udindo umene sulola kuyankha mwina koma kumvera. Tsiku limodzi lokha Tambudzai akukana kubvomera: m'mawa wa tsiku la ukwati wa m'chalichi umene Babamukuru wakonzera makolo ake, ukwati umene kwa iye ukutanthauza kuti anabadwira m'chimo. Akugona osagwedezeka, akumva ngati watuluka m'thupi lake, ndipo pambuyo pake akulandira zikoti 15. Kumeneko ndi kumene tikumuona ali mwini wa dzina lake.

Mu The Book of Not oitana asintha, ndipo tsopano ndi Azungu. Pa sukulu ya masisitere ya Sacred Heart, Tambudzai akupambana onse pa mayeso, koma ulemu ukupita kwa mtsikana wa Cizungu, Tracey Stevenson. Pa kampani yolemba zotsatsa malonda, mau amene iye walemba akutamandidwa m'dzina la Mzungu wogwira naye nchito. Pa hositelo imene akukhala, mayi woyang'anira amamuitana kuti Isabel, dzina la mkazi wina wakuda wa pamalopo, cifukwa kwa mayiyo nkhope zakuda nzofanana. Palibe amene wamulanda Tambudzai dzina lake mwa lamulo kapena mwa ubatizo. Langosiya kuchulidwa pamene liyenera kuchulidwa. Cotsatira cake cikuoneka m'kalembedwe ka buku lacitatu, This Mournable Body. Mabuku awiri oyamba amasimbidwa ndi Tambudzai mwini ponena kuti ine. Lacitatu likusimbidwa ponena kuti iwe, ngati kuti mkaziyo waima patali akudziloza ndi cala. Dzina lilipo, koma wobvomera wacoka. Mwambi wathu umati kali kokha nkanyama, tili awiri ntianthu, ndipo Dangarembga akuonetsa kuti mwambiwu umagwira nchito pa dzina lomwe: dzina lopanda woliitana mwaulemu silikwanira kusunga munthu.

5. Bulawayo: maina a Cingelezi a pamudzi

Buku la NoViolet Bulawayo likugwetsa ganizo lija pa maziko ake eni-eni, pakuti likufunsa kuti dzina la Cizungu ndi liti. Ana a m'komboni ya zisakasa yochedwa Paradise, amene amapita kukaba magwafa ku malo a anthu olemera ochedwa Budapest, ndi Darling, Bastard, Godknows, Chipo, Sbho ndi Stina. Godknows ndi mau a Cingelezi, koma Mngelezi sacha mwana wake cotero. Kapangidwe kake ndi ka Cibantu: ndi ciganizo cathunthu, dandaulo la kholo lopita kwa anthu ndi kwa Mulungu, mbale wake wa Onwumbiko ndi Malizani. Ife a m'Zambia tikuwadziwa bwino maina a mtundu umenewu, a Given, a Gift, a Lovemore ndi ena, amene ndi Mphatso ndi Kondwani obvala jekete. Wosanthula amene angawerengere Godknows pamodzi ndi Albert ndi James, monga zipsera za utsamunda, ndiye kuti wayang'ana cinenero ndi kuphonya mwambo.

Mutu wa bukuli ukucokera pa cocitika comvetsa cisoni. Chipo, mtsikana wa zaka 11, ali ndi pakati pa agogo ake aamuna, ndipo anzake akufuna kucotsa mimbayo kuti asafe. Poyamba nchitoyo akuona kuti maina ao sakwanira, ndipo akudzicha maina a madokotala a m'sewero la pa televizyoni la ku America. Maina atsopanowa alibe wowapereka, alibe mudzi wowalandira. Ndi zigoba zimene ana abvala kuti apirire cinthu cowaposa msinkhu. Akafika munthu wamkulu, maina aja amatha pomwepo.

Darling atapita kwa azakhali ake a Fostalina ku Michigan, dzina lake silibvuta munthu kuchula, komabe iye sakhazikika. M'mutu wina wosimbidwa ndi mau akuti ife, anthu obwera ku America akufotokoza kuti pa nchito amaitanana ndi maina a maiko ao, ndiponso kuti ana ao obadwira kumeneko amawacha maina osabvuta pakamwa pa Amereka, osachulanso makolo. Wotsutsana ndi mcitidwewu ndi nkhalamba yochedwa Tshaka Zulu, imene imacha maina adzukulu ake a kumudzi pa telefoni, koma imakhala m'nyumba yosungiramo odwala. Kwao nako Chipo wabereka mwana wamkazi ndi kumucha Darling. Pa mwambo wathu kuchedwa dzina ndi ulemu waukulu, koma apa pali ululu: mudzi wapeza wina wolowa dzina, ndipo pokambirana pa kompyuta Chipo akumuuza Darling kuti dziko analisiya si lakenso. Dzina latsala kwao ndi mwini watsopano.

Mlembi mwini anabadwa m'caka ca 1981 monga Elizabeth Zandile Tshele. Dzina limene anadzisankhira likulumikiza Violet, dzina la amake amene anamwalira iye ali khanda, ndi Bulawayo, mzinda umene anakuliramo. Pobwerera ku magwero ake anatola dzina la duwa la Cingelezi, cifukwa ndilo linali dzina la amake. Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

6. Cotsutsa cimene tiyenera kuciyankha

Wina anganene kuti pepala lino likupeputsa cipongwe ceni-ceni ca atsamunda, amene anacititsa anthu ambiri-mbiri kuona maina a makolo ao monga acikunja. Cotsutsaci ndi camphamvu, ndipo mbiri ikucicitira umboni. Nelson Mandela analandira dzina la Nelson kwa mphunzitsi wake pa tsiku loyamba la sukulu, popanda makolo ake kufunsidwa. Ngugi wa Thiong'o, m'buku lake la 1986 lochedwa Decolonising the Mind, anafotokoza momveka m'mene sukulu ya atsamunda inalangira ana olankhula zinenero zao. Sitikukana ciliconse ca izi.

Koma tikafunsa kuti coipa ceni-ceni cinali pati, tipeza kuti cinali pa funso lathu loyamba, lakuti ndani anapereka dzina. Mphamvu yocha mwana inalandidwa kwa agogo ndi kupatsidwa kwa mphunzitsi, wansembe ndi kalaliki wa boma. Umboni wake ndi wakuti mphamvu yomweyo ingathe kulandidwa ndi wolamulira wakuda m'dzina la cikhalidwe ca makolo. M'caka ca 1972 Mobutu analamula anthu a ku Zaire kusiya maina a ubatizo ndi kutenga a Ciafrika, iye mwini nasiya Joseph-Désiré. Maina anasintha cinenero, koma wopereka anali boma, ndipo lamulolo litafooka ambiri anabwerera ku maina ao akale. Mandela sanataye Nelson. Anali nalo pamodzi ndi Rolihlahla la kubadwa, Dalibhunga la ku cinamwali, ndi Madiba la mfunda wake, limene anthu a dziko lake anali kumuitanira mwacikondi. Mndandanda umenewu ndi wofanana ndi wa Mcewa aliyense amene tamufotokoza pamwambapa. Ganizo limene tikulitsutsa linaona bala, koma linaloza malo olakwika.

7. Mau kwa aphunzitsi

Mabuku amenewa amawerengedwa m'Cingelezi, ndipo cizolowezi ca ophunzira ndi kulumpha maina acilendo monga miyala ya m'njira. Mphunzitsi wa zinenero za m'Zambia ali ndi mwai umene mphunzitsi wa ku London alibe, pakuti ophunzira ake anabadwira m'mwambo womwe alembiwa akuugwiritsa nchito. Nkothandiza kuwapempha kuti apeze dzina la Cinyanja, Cinsenga, Citumbuka kapena Cibemba lofanana ndi Ozoemena, Nhamo kapena Godknows, ndi kuti afotokoze kapangidwe kake: kodi ndi dzina la cinthu, mneni wolamula, kapena ciganizo cathunthu, ndipo likulankhula kwa yani? Phunziro la galamala ndi la zolembedwa zimakumana pamenepo.

Pali cinanso cofunika kusamala. M'kalasi momwemo mudzakhala Misozi, Masiye kapena Mabvuto, ndipo ena a iwo anayamba kale kubisa mainawo ndi kudzicha ena. Mphunzitsi amene aphunzitsa kuti kusiya dzina la makolo ndi kudzikana amamuonjezera mwanayo katundu waciwiri pamwamba pa woyamba. Amene aphunzitsa kuti dzina lacisoni ndi tsoka loyenera kutayidwa amamulanda mbiri ya amake. Nthano za Nwoye, Tambudzai ndi Darling zikupereka njira ina: mwanayo akafunse kwao amene anamucha dzina, caka cimeneco kunacitika ciani, ndipo mauwo anali kupita kwa yani. Ambiri adzapeza kuti dandaulolo silinali lonena za iwo, ndi kuti wolipereka anali munthu wowakonda amene anali kulimbana ndi imfa. Akadziwa zimenezo, kusunga dzinalo kapena kutenga lina ndi ufulu wao. Gawo la mphunzitsi ndi locepa koma losalephereka: poitana maina m'kaundula m'mawa uliwonse, achule dzina la mwana aliyense lonse, molondola, ndi m'mene mwini wake afunira kuitanidwa.